Mbalame za M'piyano ndi Ola la Nkhomaliro

M'mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya, makamaka mu London, muli mwambo umene mlendo wongofika kumene sachedwa kuudabwa. Nthawi ikamathamangira 1 koloko masana, pamene alembi a m'maofesi ndi ogulitsa m'masitolo atuluka kukafuna chotafuna, zitseko za matchalitchi ena akale zimatsekulidwa, ndipo aliyense wodutsa pamsewu amaloledwa kulowa, kukhala pabenchi ndi kumvera nyimbo popanda kulipira ngakhale khobidi. Sikuti amakhala mapemphero ayi. Kutsogolo, chapafupi ndi guwa, amakhala atakankhirako piyano yaikulu yakuda ya miyendo itatu, ndipo woimba amailiza kwa mphindi 45 kapena 50 zokha, kuti omvera abwerere ku ntchito ola lisanathe. Potuluka munthu amapeza mbale pakhomo. Wofuna amaponyamo kangachepe, wopanda amangodutsa, ndipo palibe womuyang'ana ndi diso lofiira. Matchalitchi monga St Martin-in-the-Fields, St James's ya ku Piccadilly ndi St Bride's ya mu Fleet Street adatchuka kwa zaka zambiri chifukwa cha makonsati a mtundu umenewu.

Mwa nyimbo zimene zimamveka m'malo otere muli zina zopekedwa m'masiku ano zimene maina ake amatengedwa ku chilengedwe: mvula, mafunde, mtsinje, nkhalango, kutuluka kwa dzuwa, kulira kwa mbalame. Izi n'zosadabwitsa. Munthu amene wakhala m'mawa wonse pakati pa makoma anayi, maso ali pakompyuta, amalakalaka kamphepo ka kutchire ngakhale kabwere kudzera m'makutu. Komatu dzina la nyimbo ndi nyimboyo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pali nyimbo imene mwini wake adayamba wakamvetsera chilengedwe asadaipeke, ndipo pali ina imene idapekedwa m'chipinda kenaka n'kuvekedwa dzina la mtsinje ngati chipewa chobwereka. Zonse ziwiri zingathe kukoma. Koma imodzi yokha ndiyo imatulutsa womvera m'tchalitchimo makutu ake atatsekuka kuposa mmene adalowera, ndipo kawirikawiri imeneyi ndiyo imene okonza makonsati a masana amachita nayo mantha.

Mantha amenewo alibe phata, ndipo mbiri ya makonsati omwewa ndiyo mboni. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka mu Sepitembala 1939, boma la Britain lidatseka nyumba za zisangalalo poopa mabomba a ndege za adani, ndipo usiku mzinda wa London unkakhala mu mdima wa ndiweyani. Zithunzi za mtengo wapatali za m'nyumba ya National Gallery zidasamutsidwira ku Wales, makoma n'kutsala opanda kanthu. Pamenepo mayi wina wodziwika pa kuimba piyano, Myra Hess, adapangana ndi mkulu wa nyumbayo, Kenneth Clark, kuti m'zipinda zopanda zithunzizo muzimveka nyimbo masana, nthawi imene anthu angathe kuyenda kukali kowala. Konsati yoyamba idachitika pa 10 Okutobala 1939, ndipo mzere wa anthu ofuna kulowa udatalika kuposa mmene okonzawo adaganizira. Kuyambira pamenepo nyimbo zinkamveka Lolemba mpaka Lachisanu sabata ndi sabata. Mabomba atayamba kugwa, oimba ndi omvera adatsikira m'zipinda zapansi, koma kuimba sikudaleke. Pofika pa 10 Epulo 1946, pamene mwambowu udatsekedwa, padali patachitika makonsati 1,698, ndipo anthu oposa 750,000 adali atalowa pakhomo limenelo.

Makonsati a Hess sadali aulere kwenikweni, pakuti munthu ankalipira sheleni imodzi, koma ndalama imeneyo idali yochepa kotero kuti msilikali wa patchuthi, namwino ndi mlembi wa mu ofesi onse ankakwanitsa. Chofunika kuchigwira ndi mtundu wa nyimbo zimene anthu amenewa ankapatsidwa. Hess sadaganize kuti munthu wotopa ndi nkhondo ayenera kupatsidwa phala lamadzimadzi. Adawapatsa Bach, Beethoven ndi Brahms, nyimbo zazitali ndi zozama, ndiponso zopekedwa ndi Ajeremani pa nthawi imene ndege za Germany zinkagwetsa nyumba za omvera omwewo. Ambiri mwa iwo adali asadalowepo m'nyumba ya konsati chibadwire. Adamvera, ndipo mawa lake adabweranso. Tsono wonena lero kuti munthu wa pa nkhomaliro sangathe kusenza nyimbo yolemera akutsutsana ndi zimene zidachitika kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndi theka.

Pofuna kuweruza bwino nyimbo za chilengedwe, n'kofunika kuyamba wadziwa chilema cha chida chimene zikuimbidwapo. Piyano ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36. Chala chikadinda kiyi, kanyundo kokutidwa ndi nsalu yaubweya kamamenya nsambo zachitsulo m'katimo, ndipo liwu limene latuluka limayamba kufa nthawi yomweyo. Woimba sangathe kulikuza litatuluka kale, monga achitira woliza lipenga. Sangathenso kulitsetsereza kuchoka pa liwu lina kupita pa linzake, monga achitira woimba zeze poyendetsa chala pansambo. Amene adaimbapo mu kwaya amadziwa mtunda wochokera pa do wam'munsi kukafika pa do wam'mwamba: piyano imaudula mtunda umenewu m'masitepe 12, ndipo pakati pa sitepe ndi inzake palibe popondapo. Mbalame siwerengera masitepe otere. Imatsetsereka, imanjenjemeretsa mawu, imakwera pamwamba pamene khutu la munthu limavutika kutsata. Mnyamata wa kubusa wouzira mpweya m'manja mwake amatsanzira njiwa bwino kuposa piyano ya mtengo wa galimoto. Mvula, mphepo ndi mafunde nazonso zilibe do kapena re. Choncho wopeka nyimbo ya chilengedwe pa piyano amayamba ntchito yake ali wogonja kale, ndipo luso lake limaonekera pa chimene achita nako kugonjako.

Akale adayesa njira zosiyanasiyana. Mu 1735 Louis-Claude Daquin wa ku France adatulutsa kanyimbo kotsanzira mbalame ya kumeneko imene kulira kwake ndi mawu awiri okha, ndipo popeza mawu awiri savuta, kanyimboko kadakoma mpaka lero. Claude Debussy, polemba ma Préludes ake 24 pakati pa 1909 ndi 1913, adachita chinthu chaching'ono koma chanzeru: dzina la nyimbo iliyonse, kaya likunena za mphepo, nkhungu kapena mapazi pachisanu, adalilemba kumapeto kwa nyimboyo osati pamwamba pake. Zili ngati ankafuna kuti woimba ayambe wamva yekha, dzina libwere pambuyo ngati ndemanga chabe. Opeka ambiri a masiku ano amachita mosemphana. Dzina ndilo limatsogola, limauza womvera choti amve, ndipo nyimbo imangotsatira m'mbuyo ngati mwana wotumidwa.

Amene adalimbana ndi chilema cha piyano mopanda chinyengo kuposa onse ndi Olivier Messiaen, amene adabadwira ku Avignon mu 1908 ndi kumwalira mu 1992. Kwa zaka zoposa 60 adali woimba limba m'tchalitchi cha La Trinité mu Paris, koma mtima wake udali kutchire. Ankadzuka mbandakucha, pensulo ndi pepala la manotsi m'manja, n'kukakhala phee pansi pa mtengo kapena m'mbali mwa dambo, akulemba kulira kwa mbalame monga mlembi wa bwalo la milandu alembera mawu a mboni. Adaphunzira kusiyanitsa mbalame kwa akatswiri monga Jacques Delamain, ndipo ankagwiritsanso ntchito mbale za galamafoni zojambulidwa kulira kwa mbalame. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chipatso cha kudekha kwa Messiaen ndi Catalogue d'oiseaux, ndiko kunena mndandanda wa mbalame, umene adaupeka pakati pa 1956 ndi 1958. Muli nyimbo 13 zogawidwa m'mabuku 7, ndipo kuziimba zonse kumatenga maola oposa awiri ndi theka. Yvonne Loriod, amene pambuyo pake adadzakhala mkazi wake, ndiye adaziimba zonse koyamba mu Paris pa 15 Epulo 1959.

Messiaen sadabise kuti chimene chili m'nyimbozi si mbalame yeniyeni. Iye mwini ankalongosola zosintha zimene ankakakamizika kuchita. Popeza mbalame imaimba mothamanga kuposa zala za munthu, ankachedwetsa nyimboyo. Popeza imaimba pamwamba kwambiri, ankaitsitsira m'munsi. Popeza mipata ya pakati pa mawu ake ndi yaing'ono kuposa sitepe ya piyano, ankaikulitsa mipata yonse molingana, kuti maonekedwe a nyimbo asasokonekere ngakhale msinkhu wake wasintha. Pamwamba pa izi, liwu lililonse la mbalame ankaliveka mawu ena angapo omenyedwa pamodzi, pofuna kuyandikira kuwala kapena kukhakhala kwa mmero wa mbalameyo. Wophunzira Chichewa angachimvetse chinthuchi akakumbukira mvekero. Mwala ukagwa m'dziwe samveka ukunena kuti chubwi, ndipo tambala sanena kuti kokoliliko. Chinenero ndicho chimatenga phokosolo ndi kuliumba ndi zilembo zimene chili nazo, mpaka womva nkhani aone mwalawo ukumira. Mbalame za Messiaen ndi mvekero wa piyano. Mvekero wabwino sutuluka mkamwa mwa munthu amene sadamvetsere chinthu chenichenicho.

Chinanso chosiyanitsa nyimbozi ndi chakuti mbalame iliyonse ili ndi kwawo. Pamwamba pa nyimbo iliyonse Messiaen adalemba malo, nyengo ndi nthawi, ndipo m'kati mwa manotsi adalemba dzina la mbalame imene ikulira pamenepo. Nyimbo yachiwiri, Le Loriot, ndi ya mbalame yachikasu ya mapiko akuda imene adaimvera m'dera la Charente m'bandakucha. Mbalame imeneyi imaswana ku Ulaya, koma kukayamba kuzizira imaulukira ku Africa mpaka kufika ku Zambia ndi Malawi m'nyengo ya dzinja, kotero kuti mwina wowerenga adaionapo m'mitengo ya kwawo osadziwa kuti ili ndi nyimbo yake ku Paris. Nyimbo yachisanu ndi chiwiri, La Rousserolle effarvatte, ili pakati penipeni pa mndandandawo ndipo ndiyo yaitali koposa, pafupifupi theka la ola. Imatsata moyo wa dambo la bango m'dera la Sologne kuyambira pakati pa usiku, kudutsa usana wonse, mpaka 3 koloko ya usiku wotsatira. Achule amayamba, kambalame ka m'bango kamalongolola kosapuma, dzuwa limatuluka ndi mawu okwera pang'onopang'ono, masana kumatentha, madzulo mawu omwe aja amatsika, achule n'kubwereranso. Womvera amatuluka akudziwa kuti dambo lili ndi ndondomeko yake ya nthawi, ndi kuti chete wa 3 koloko usiku ndi wosiyana ndi chete wa masana.

Ndiponso Messiaen sadasankhe zokoma zokhazokha. La Chouette hulotte ndi nyimbo ya kadzidzi. Imayamba ndi mdima, mawu obalalika opanda njira, kenaka kugunda kwa m'munsi konga kwa mtima wa munthu wamantha, ndipo kulira kwa kadzidziyo kukabwera kumachititsa nthumanzi. Amene adakulira kumudzi, kumene kadzidzi akalira padenga akuluakulu amadzuka kukamuponyera chikuni chamoto, sangafune womumasulira nyimbo imeneyi.

Pali zodandaula zenizeni pa nyimbo za Messiaen, ndipo kuzibisa n'kulakwa. Zilibe kanyimbo koti munthu atuluke akung'ung'udza. Zimalumpha kuchoka pa mbalame ina kupita pa ina mosachenjeza, ngati munthu wosanja njerwa popanda dothi lomatira. Zina n'zazitali mopitirira, ndipo woimba wosakhwima amazisandutsa chiphokoso cha mbale zogwa m'khitchini. Munthu wozimva koyamba angathe kunyansidwa nazo, ndipo sikuti walakwa. Koma ngakhale wonyansidwayo sanganene kuti kadzidzi ndi kambalame ka m'bango zikumveka mofanana.

Njira ina, imene yatchuka kwambiri m'zaka za posachedwa, ili ndi mtsogoleri wake, Ludovico Einaudi, amene adabadwira ku Turin mu 1955. Iyeyu si mbuli ya nyimbo zovuta ayi, pakuti adaphunzira kwa Luciano Berio, mmodzi wa opeka nyimbo zachilendo kwambiri a ku Italy. Kuphweka kwa nyimbo zake n'kosankha dala. Kuyambira pa Le Onde ya 1996, imene dzina lake litanthauza mafunde, mpaka pa Seven Days Walking ya 2019, imene idachokera pa maulendo ake oyenda pansi m'mapiri a Alps nthawi yachisanu, kapangidwe kake sikasintha kwenikweni. Dzanja lamanzere limabwereza magulu ochepa a mawu mozungulira, lamanja limayendetsa kanyimbo kafupi pamwamba pake, phazi limakhala pa chopondera kuti mawu alowerere mwa anzake, ndipo zonse zimakula pang'onopang'ono kenaka n'kuphwa. Anthu miyandamiyanda amazikonda. Ana ambiri adayamba kuphunzira piyano pofuna kuziimba, ndipo odwala ndi olira apezamo chitonthozo. Wonyoza zimenezi ndiye kuti sadagonepo m'chipatala.

Vuto lake lili pena. Munthu atatenga dzina la nyimbo ya mafunde n'kuliika pa nyimbo ya chisanu, la chisanu n'kuliika pa ya mafunde, ndani angazindikire kuti maina asinthanitsidwa? Chimene nyimbozi zimajambula ndi mtima wa munthu woyenda m'phiri, osati phirilo. Kumeneko pakokha si kulakwa, pakuti nyimbo zakhala zikunena za mtima wa munthu kuyambira kale. Koma m'manja mwa otsatira Einaudi, amene achuluka ngati mchenga ndipo alibe khutu longa lake, chilengedwe chasanduka mankhwala ogonetsa. Pa intaneti pali mindandanda ya nyimbo zotere yotha maola ambiri, yokonzedwa kuti munthu aziwerenga kapena kugona ikulira, kutanthauza kuti idapangidwa kuti isamvetseredwe. M'chilengedwe cha nyimbozi mulibe kadzidzi, mulibe dzombe, mulibe chilala. Mvula yake imagwa mwaulemu nthawi zonse. Mlimi aliyense amadziwa kuti mvula yomwe imameretsa chimanga ndiyo imagwetsanso nyumba ndi kukokolola munda, ndipo nyimbo yoiwala mbali imeneyi yanena theka lokha la nkhani.

Mwezi wa Juni chaka cha 2016 usadathe n'komwe theka lake lachiwiri, njira ziwirizi zidaonekera poyera pafupifupi nthawi imodzi. Einaudi adakwera chombo cha bungwe la Greenpeace kupita ku zilumba za Svalbard, kumpoto kwa Norway, ndipo piyano yake idaikidwa pa nsanja yoyandama patsogolo pa chiphiri cha madzi oundana chotchedwa Wahlenbergbreen. Kumeneko adaimba Elegy for the Arctic, nyimbo ya mphindi zitatu yodandaula kusungunuka kwa dera limenelo. Ali m'kati moimba, chibuma cha madzi oundanawo chidagumuka n'kugwera m'nyanja ndi mkokomo. Kanemayo adaonedwa ndi anthu mamiliyoni, ndipo adafikitsa nkhani ya kutentha kwa dziko kwa ambiri amene sakadawerenga lipoti la akatswiri. Ulemu umenewo ndi wake. Koma liwu lamphamvu koposa m'kanemamo si la piyano, ndi la chibuma chija. Nyimbo yomweyo ikaimbidwa m'tchalitchi cha mu London, kopanda nyanja ndi kopanda chiphiri, chotsala ndi kanyimbo kachisoni kotsika pang'onopang'ono, kamene kangayenere maliro, kusiyana kwa okondana kapena kutsatsa malonda a sopo.

Mwezi womwewo, pa chikondwerero cha nyimbo cha Aldeburgh kum'mawa kwa England, Pierre-Laurent Aimard, amene adaphunzira piyano kwa Loriod, adaimba Catalogue d'oiseaux yonse m'tsiku limodzi, ataigawa m'makonsati anayi kuyambira mbandakucha mpaka pakati pa usiku, nyimbo iliyonse pafupi ndi nthawi imene mbalame yake imalira. Konsati ya madzulo idachitikira panja, m'malo osungirako mbalame a Minsmere, mbalame zenizeni zikulira m'mitengo ndi m'bango. Kumeneku kudali kuika nyimbo pa mayeso ovuta, pakuti chithunzi chikaikidwa pambali pa mwini wake zolakwa zonse zimaoneka. Nyimbo ya ku Svalbard idafuna malo kuti aipatse tanthauzo. Ya ku Minsmere idabwera nawo malo ake m'kati mwa manotsi, ndipo ikadaimbidwa m'chipinda chopanda zenera dambo la Sologne likadamvekabe.

Asaganize wina kuti malire ali pakati pa nyimbo yaphokoso ndi nyimbo yofatsa. Toru Takemitsu wa ku Japan, amene adabadwa mu 1930 ndi kumwalira mu 1996, adapeka Rain Tree Sketch mu 1982 atawerenga nthano za Kenzaburo Oe zonena za mtengo wa timasamba tambirimbiri timene timasunga madzi a mvula ndi kumawadonthetsa mvulayo italeka kale. Mu 1992, Messiaen atamwalira, adapeka inzake, Rain Tree Sketch II, pomukumbukira. Zonse ziwiri n'zazifupi ndi zofatsa. Koma madontho ake sagwa mwa ndondomeko yoti munthu aiwerengere. Lina limachedwa, awiri amagwa pamodzi, kenaka pamakhala chete wotalika kuposa mmene khutu limayembekezera. Munthu sangagone pa nyimbo yotere chifukwa sadziwa pamene dontho lotsatira ligwere, monga momwe sangadziwire ataima pansi pa mtengo weniweni.

Apa ndi pamene kufunika kwa kumva nyimbo pamaso pa woimba kumaonekera. Kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo foni ya m'manja ndi kandimverere wa masiku ano: imabweretsa nyimbo, koma imasiya m'njira zinthu zina. Imasiya kufa kwa liwu, kumene m'tchalitchi cha miyala kumatenga nthawi, liwu likuzungulira kudenga mpaka munthu osadziwa pamene lathera. Imasiyanso chete wa anthu ambiri okhala pamodzi. Woimba akachotsa manja pamakiyi pakati pa mbalame ndi mbalame, phokoso la mzinda limalowa: basi yodutsa, belu la ambulansi, nkhunda padenga, nsapato za wochedwa. John Cage adaliika poyera phunziro limeneli mu 1952, pamene David Tudor adakhala pa piyano m'nyumba ya matabwa ya m'nkhalango ku Woodstock, m'boma la New York, kwa mphindi 4 ndi masekondi 33 osamenya kiyi ngakhale imodzi. Omvera adamva mphepo m'mitengo ndi madontho a mvula padenga, ndipo ena adapsa mtima. Tchalitchi cha pakati pa mzinda masana chimachita zomwezo popanda kupsetsa mtima aliyense, malinga nyimbo yoimbidwayo ikhale ndi mipata yoti dziko lilowerepo. Nyimbo yobwereza mosapuma, phazi lili pa chopondera, imatseka mipata yonseyo ngati nsalu yotchinga pazenera.

Nanga n'chifukwa chiyani nyimbo zotseka mipata zili ndi mwayi woposa zinzake pa makonsati aulere? Yankho lili m'mbale ija ya pakhomo. Chaulere kwa womvera sichikhala chaulere kwa onse. Tchalitchi chimafuna magetsi ndi moto wotenthetsera nyumba, piyano imafuna mmisiri woikonza mawu, ndipo woimba, amene nthawi zambiri amakhala wophunzira wa ku sukulu za nyimbo monga Royal Academy of Music, Royal College of Music kapena Guildhall, kapena wongomaliza kumene maphunziro, amakhala atathera masabata kapena miyezi pokonzekera mphindi 45 zimenezo. Nyimbo imodzi ya Messiaen imadya nthawi yokwanira kuphunzira nyimbo khumi zofewa. Ngati zolowa m'mbale zidalira kumwetulira kwa anthu potuluka, mnyamata kapena mtsikana wosowa ndalama ya lendi adzasankha chimene akudziwa kuti sichikhumudwitsa aliyense, ndipo palibe angamudzudzule. Hess adachiona chinthu chimenechi. Iye mwini sankalandira malipiro, koma oimba ena onse, wotchuka ndi woyamba kumene, ankalandira ndalama yofanana, ndipo zotsala zinkapita ku thumba lothandiza oimba ovutika. Woimba wodziwa kuti malipiro ake sasintha amakhala ndi ufulu wosankha nyimbo yovuta.

Chodandaula chakuti nthawi ndi yochepa sichigwira. L'Alouette calandrelle, nyimbo ya kambalame ka m'chigwa chouma cha miyala cha La Crau dzuwa lili paliwombo, imatha mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Petites esquisses d'oiseaux, zimene Messiaen adapeka mu 1985, ndi tinyimbo 6 timene tonse pamodzi timatha pafupifupi mphindi 15. Béla Bartók ali ndi nyimbo ya usiku wa kumudzi kwawo ku Hungary, ya mu 1926, mmene achule ndi tizilombo zimalira kwa mphindi zochepa. Zonsezi zimalowa bwino mu ola la nkhomaliro, ndipo malo a nyimbo yotonthoza amatsalabe. Chofunika kuwonjezera ndi mawu ochepa chabe: woimba aimirire asadayambe, anene kuti mbalame yake ndi yotani, imakhala kuti, ndipo alize kulira kwake kamodzi payekha kuti anthu akakumana nako m'nyimbo akuzindikire.

Nyimbo yotsiriza ya Catalogue d'oiseaux ndi Le Courlis cendré, ya mphindi pafupifupi khumi. Mbalame yake, imene Angerezi amaitcha curlew, ndi yotuwa, ya miyendo yaitali ndi mlomo wautali wopindikira pansi, ndipo kulira kwake kumayamba pang'onopang'ono n'kumakwera monjenjemera mpaka kusefukira. Messiaen adaimvera pa chilumba cha Ouessant, kunsonga ya Brittany, kumene dziko la France limathera m'nyanja. M'nyimboyo mafunde amamenya miyala, mbalame za m'madzi zimalirizana, kenaka nkhungu imatsika ndi kumeza zonse, ndipo m'kati mwa mdimawo mumabuka liwu limodzi lalikulu la m'munsi, lipenga la pa nsanja ya nyale lochenjeza zombo. Pamene Messiaen ankalemba zimenezi, mbalameyi idali yodziwika kwa mbusa aliyense wa nkhosa m'mapiri a Britain. Kuyambira 1995, m'zaka pafupifupi 20 zokha, chiwerengero cha zoswana m'dzikomo chidatsika ndi pafupifupi theka, ndipo mu 2015 idalembedwa pa mndandanda wofiira wa mbalame zimene zili pangozi kumeneko. Imaikira mazira pansi, m'udzu. Madambo adaumitsidwa, m'malo ena mudabzalidwa mitengo ya matabwa, makina otchetcha udzu wa ng'ombe amadutsa anapiye asadayambe kuuluka, ndipo nkhandwe ndi akhwangwala amadya mazira otsalawo. Ambiri mwa alembi okhala pamabenchi a St Bride's kapena St James's sadaimvepo mbalameyi ikulira, ndipo kwa ena a iwo kulira koyamba kumene adzakumve kudzakhala kotuluka m'piyano, kochedwetsedwa ndi kotsitsidwira m'munsi, kutatsala mphindi zochepa kuti 2 koloko ikwane.